Za Mtengo wa Maphunziro pa Bembeke

Pamene ansembe a chipani cha White Fathers adakwera phiri kuchokera kuchigwa cha kunyanja nadzamanga pa Bembeke m'chaka cha 1910, sadadze ndi maganizo akuti pamalo pano padzatumphuka kasupe wa maphunziro; iwo adali anthu olefuka ndi malungo ndi kutentha kwa ku Mua ndi ku Mtakataka, kumene adakhazikitsa mishoni zawo mu 1902 ndi mu 1908, ndipo chimene ankachifuna kumtunda kuno, m'dziko la Inkosi Kamenyagwaza, chidali mphepo yozizira yoti odwala mwa iwo atsitsimukireko. Koma mwambo wa amishoni onse a masiku amenewo udali wakuti pamene pamangidwa nyumba ya Mulungu pamangidwenso sukulu, pakuti sukulu ndiyo idali khomo lolowera m'mudzi. Motero malo opumulirako odwala adasanduka mishoni, mishoni idabala sukulu za m'midzi, ndipo kuyambira pamenepo anthu a kuno adalowa m'mlandu umene sunagamulidwe kufikira lero lino, wakuti kodi sukulu imadya zingati, nanga imabweza zingati.

Chimene ana a masiku ano sangachikhulupirire msanga nchakuti poyamba si makolo amene ankagwada pakhomo pa sukulu kupempha malo, koma sukulu ndiyo inkayenda khomo ndi khomo kupempha ana. Mphunzitsi wa m'mudzi, amene adalinso wotsogolera mapemphero, ankamenya khasu lakutha lopachika pamtengo m'malo mwa belu, nakhazika ana pazipika m'chisakasa chofolera ndi udzu. Zilembo zoyamba zinkalembedwa ndi chala padothi, sileti inkafika kwa okhawo amene alimbikira, ndipo m'miyezi yachisanu, pamene nkhungu imakuta mapiri a kuno mpaka dzuwa litakwera, ana ofunda kansalu kamodzi ankayimba mawu a katekisimu mano akugwedezeka, mitima ili panja pamene akaothere dzuwa. Ndalama zimene ankalipira zidali zochepa, kwina sankalipira nkomwe, komabe tisanene kuti sukuluyo idali yaulere. Mwana wokhala m'kalasi ndiye mwana wosowa kubusa. Mbuzi zikalowa m'munda mwa eni, mlandu unkagwera atsibweni ake, ndipo anyani akathyola chimanga m'mphepete mwa phiri, nkhokwe ndiyo inkalipira. Kuwonjezera apo, eni mzinda ankaona mnyamata wa sukulu ya ansembe akukana kudambwe, mtsikana akuzemba namkungwi, ndipo mkangano wa nyau ndi amishoni, umene udakula kwambiri m'dera la Dedza m'zaka za m'ma 1920, gwero lake lidali funso limodzi: adzaumba mwana wa m'mudzi muno ndani? Ine sindiwayesa mbuli makolo amenewo, monga ena amawayesera. Iwo adali ndi sukulu zawozawo, zotulutsa munthu wodziwa mwambo, wodziwa kulima, kusula ndi kuweruza mlandu pabwalo, ndipo pofunsa mlendo ngati mwana adzadya zilembo, ankafunsa funso la munthu wosamala mbumba yake.

Chimene chidatembenuza mitima sichidali ulaliki wokha, koma msonkho. Boma la atsamunda linkafuna mashilingi panyumba iliyonse, ndipo mashilingiwo sankamera m'munda wa mawere. Amuna adayamba maulendo a ku Halale ndi ku Joni, ena adagwidwa pa mtengatenga m'nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo kulikonse kumene adafika adaona ndi maso awo kuti wosenza katundu ndi wolemba maina a osenza katundu, angakhale abadwire m'mudzi umodzi, salandira mofanana. Kumudzi nakonso, mayi wolandira kalata ya mwamuna wake ankayenda nayo mtunda kufuna womuwerengera, naulula zinsinsi za banja lake kwa mwana wa eni.

Pamenepo mpamene anthu adayamba kusanja sukulu, iyi patsogolo, iyi pambuyo, ndipo muyeso wawo udali Chingerezi. Mbiri idawanda yakuti ophunzira a ku Khondowe, kumene Dr Robert Laws adatsegula sukulu ya Overtoun mu 1894, pamodzi ndi a ku Henry Henderson Institute ya ku Blantyre, yotsegulidwa mu 1909, ndiwo ankatenga ntchito za ukalaliki m'maboma ndi m'makampani kufikira ku Rhodesia ndi ku Tanganyika. Pamene a Dutch Reformed a ku Nkhoma ndi ku Mlanda adalimbikira Chinyanja, Buku Lopatulika ndi ntchito zamanja, ndipo Akatolika adalimbikira katekisimu ndi kuchulukitsa sukulu zazing'ono, kuopa kuti mudzi ungagwe m'manja mwa mpingo wina. Aliyense adali ndi zifukwa zake, zina zoyenera kuyamikidwa ndithu, pakuti chinenero chathu chidalembedwa ndi kusungidwa ndi anthu omwewa; koma m'mera mpoyamba, ndipo kusiyana kumene kudafesedwa m'zaka zimenezo ndiko kudadzabala mkangano wowawa wa kota, njira ija yosankhira ana ku yunivesite potengera maboma akwawo, imene idayamba m'nthawi ya Ngwazi Dr Kamuzu Banda, idabwereranso mu 2009, nithetsedwa mu 2020.

Boma nalo lidali louma manja. Kwa zaka ngati khumi kuyambira cha m'ma 1908 linkapereka mapaundi 1,000 okha pachaka kuti mishoni zonse za m'dziko muno zigawane, chikhalirecho msonkho linkatolera kwa anthu onse. Nthumwi za Phelps-Stokes zitayendera dziko lino mu 1924, mpamene nthambi ya maphunziro idakhazikitsidwa mu 1926, ndipo lamulo la 1927 lidamanga thandizo la boma pa aphunzitsi oyesedwa ndi ovomerezeka. Apa mpamene Bembeke adapeza ntchito imene wakhala nayo mpaka lero, yosula aphunzitsi. Pomwepanso padali makina osindikizira mabuku a ansembe, ntchitoyo isanasamukire ku Likuni. Atsikana nawo adatsegulidwa khomo: Ambuye Mathurin Guillemé adakhazikitsa chipani cha masisitere a Tereza mu 1929, ndipo m'dziko limene mtsikana akatha msinkhu ankayembekezera ukwati wokha, kudaoneka ana a m'midzi akuimirira kutsogolo kwa kalasi, choko chili m'manja. Koleji ya St. Joseph, imene lero imaphunzitsa aphunzitsi aakazi pa Bembeke, ndi mphukira ya ntchito imeneyo.

Kwa mnyamata wosauka wofuna kukwera pamwamba koposa uphunzitsi, makwerero adali amodzi okha, a seminale, kumene mpingo unkamsenzera zonse, nufuna kwa iye mtengo woposa ndalama, ndiwo moyo wake wonse. Ambuye Cornelius Chitsulo, mwana wa kuchigwa cha Mua, adakwera makwerero amenewa mpaka ku Kipalapala ku Tanganyika, nadzozedwa unsembe mu 1937, woyamba mwa Amalawi a mpingo wa Katolika, seminale ya Kachebere isanatsegulidwe mu 1939. Ndipo mu 1957 adadzozedwa uepiskopi, woyambanso mwa Amalawi, mpando wake nukhala m'tchalitchi cha Bembeke. Ambiri amene adalowa seminale sadafike paguwa, koma adatuluka ndi Chilatini, Chingerezi ndi khalidwe, ndipo dziko lidawagwiritsa ntchito m'masukulu ndi m'maofesi osalipira kanthu pa maphunziro awo.

Sekondale idachedwa kufika. Ya Blantyre idatsegulidwa mu 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942, ndipo ya boma ku Dedza, patsinde pa phiri kufupi ndi kuno, mu 1951. Anthu adazidziwa ndi manambala a mabokosi a kalata, Box 2 ku Zomba ndi Box 48 ku Dedza, ndipo mwana akatchula nambala yotere pamudzi, nkhalamba zinkamupatsa mpando. Sukulu tsopano idaleka kupempha ana. Khomo lidachepa, ofuna kulowa adachuluka, ndipo fizi idayamba kuluma. Apa padabukanso nkhani imene mabanja a kuno amaidziwa bwino, yakuti alipire ndani: mwa Achewa mwini mbumba ndi atsibweni, bambo nkukhala mkamwini pamudzi pa eni, pamene mwa Angoni dzina ndi ulemu zimatsata bambo, ndipo ana ambiri anzeru adatsalira pakati pa makomo awiriwa, wina akuti mwana ngwa kuchikazi, wina akuti adabala ndiye alere. Kumene amuna awiriwa adamvana, ng'ombe idagulitsidwa ndipo mwana adapita. A Bingu wa Mutharika, amene adadzakhala mtsogoleri wa dziko lino, adamaliza pa Box 48 mu 1956. Wofuna digiri ankayenera kuwoloka malire, kupita ku Makerere, ku Fort Hare, ku Salisbury kumene koleji idayamba kuphunzitsa mu 1957, kapena ku Roma m'dziko la Basutoland, kumene adaphunzira a John Tembo, mwana wa boma lino. Ndipo otere m'boma lonse ankawerengeka ndi zala.

Dziko litalandira ufulu, Yunivesite ya Malawi idakhazikitsidwa mu 1964, niyamba kuphunzitsa ku Chichiri mu Seputembala 1965 ndi ophunzira 90, Chancellor College isanasamukire ku Zomba mu 1973. M'zaka zimenezo funso la mtengo lidagona tulo, pakuti wosankhidwa ankagona, kudya ndi kuphunzira osalipira, kandalama ka sopo nkulandiranso, ndipo ntchito inkamuyembekezera asanavule nkomwe mwinjiro wa digiri. Kusanja mayunivesite kudalibe tanthauzo, popeza idalipo imodzi. Ambiri amakumbukira nyengo imeneyo ndi chisoni cha chinthu chokoma chimene chidapita, ndipo ine sindiwatsutsa. Koma choonadi nchakuti nsima ya m'kafiteriya ya ku Chancellor College inkalipiridwa ndi wina, ndipo winayo adali mlimi wodula msonkho chaka ndi chaka, amene mwana wake adalekezera Sitandade 5 chifukwa chosowa makwacha ochepa a fizi ya kupulayimale. Osauka ambiri ankaphunzitsa osankhika ochepa. Chimene chidakometsa pangano lotere nchakuti osankhikawo ambiri adali ana a osauka omwewo, ndipo atayamba kulandira ankakoka abale awo, popeza mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.

Pangano limeneli lidayamba kumasuka mu 1985, pamene ophunzira adauzidwa kuti azisonkha K200 pachaka. Pofika mu 2001 ndalamayo idali K1,500, ndipo akuluakulu atafuna kuikweza kufika K46,000, ophunzira adakwiya kotero kuti idatsitsidwa kufika K25,000. Mu 2016 idalengezedwa K400,000, misewu ya Zomba ndi Blantyre idadzaza utsi, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika adadulako K50,000. Mu 2023 Yunivesite ya Malawi idaikweza kufika K650,000. Pakati pa zaka zomwezi pulayimale idakhala yaulere mu 1994, ana nawonjezeka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo khamu limenelo litakula lidafika pazipata za makoleji likugogoda. Zipata nazo zidachuluka: Mzuzu idayamba kuphunzitsa mu 1999, Livingstonia mu 2003, ya Akatolika ku Nguludi mu 2006, Bunda idaima payokha nikhala LUANAR, MUST idatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Yunivesite ya Malawi idagawidwa patatu, osanenanso za makoleji a eni ake amene amera m'matauni monse.

Wofuna kumvetsa kulemera kwa manambala amenewa atsikire kudimba, pakuti pa Bembeke fizi imatuluka m'kachewere, m'kabichi, m'tomato ndi m'nyemba. Banja limene mwana wake wasankhidwa limayamba kuwerengera mizere: mbewu ya Rosita kapena Violet yosungidwa mpaka itatuluka maso, feteleza wobzalira ndi wobereketsa amene mtengo wake udalumpha kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi mankhwala opopera sabata ndi sabata kuopa chiwawu, chimene chikagwa m'nyengo ya chinyezi chimadetsa masamba a munda wonse m'masiku owerengeka. Akakumba, venda amafika pamunda pomwepo ndi matumba ake, nawasokerera kukamwa ndi chingwe kuti kachewere atundumuke pamwamba, thumba limodzi nkumeza theka la linzake, mtengo nkukhalabe wa thumba limodzi. Ndipo mlimi, podziwa kuti kachewere sachedwa kuola ndiponso kuti kalata ya kukoleji yatchula tsiku, amavomera atawerama. Zikapanda kukwana, mayi amakakongola ku banki m'khonde, bambo amagwa m'katapila, kapena amapinyolitsa dimba lomwelo limene likadalipira chaka chamawa. Ndiponso fizi ndi chiyambi chabe, pakuti boma lidaleka kudyetsa ndi kugoneka ophunzira: pali lendi ya kachipinda pafupi ndi koleji, ufa, makala, laputopu, mabandulo a intaneti ndi ya basi. Bungwe la ngongole za ophunzira limene lidayamba ntchito mu 2015 lapulumutsa ambiri, koma ofunsira amaposa ndalama zimene lili nazo, ndipo mbali ina ya vutoli ili pa amene adakongola kale, ali pantchito, koma sabweza.

M'nyengo yotereyi mpamene yatifikira mindandanda ya mayunivesite opambana, imene idayamba ku Shanghai mu 2003 ndi ku London, m'nyuzipepala ya Times Higher Education, mu 2004. Chaka ndi chaka timamva kuti Harvard kapena Oxford ili patsogolo, kuti mu Africa muno Cape Town ndiyo ikutsogola, ndipo yunivesite yathu ikakwera masitepe angapo imalengeza pa Facebook ndi chimwemwe. Osanja mindandandayi amayesa kuchuluka kwa zofufuza zimene aphunzitsi asindikiza, kangati akatswiri ena azitchula, mbiri ya sukulu pakati pa ophunzira anzawo, ndipo ena amawerenga ngakhale mphoto za Nobel. Zimenezi sizachabe ayi. Munthu wa pa Bembeke, amene ali ndi malo a boma ofufuzira zaulimi pakhomo pake, naona mbewu za kachewere monga Thandizo ndi Chuma zikutuluka m'manja mwa akatswiri, sanganyoze kafukufuku. Ndipo ntchito ya madokotala a ku Blantyre pa malungo yapulumutsa ana a m'midzi yathu yomwe. Koma mayi wogulitsa kabichi pamphambano ya msewu wa M1 sakugula kafukufuku. Iye akufuna kudziwa ngati mwana wake adzapeza mphunzitsi m'kalasi ndi buku m'laibulale, ngati sukuluyo sidzatsekedwa pakati pa chaka, ngati pepala lake lidzalandiridwa kwa olemba ntchito, ndiponso kuti padzapita zaka zingati dimba lisanawomboledwe. Pa mafunso amenewa mndandanda wa ku Shanghai uli chete, ndipo zithunzi zokongola za pazikwangwani za makoleji ena zimatikumbutsa za chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Tili nawonso mndandanda wathuwathu, umene umatuluka ndi zotsatira za mayeso a MSCE, pamene maseminale ndi sukulu zogonera pompo za mipingo zimakhala pamwamba, sukulu zoyendera za m'midzi, ma CDSS, nkutsalira pansi. Umenewu umandiwawa koposa wakunja uja, chifukwa umatamanda sukulu imene idasankha ana anzeru kuchokera m'dziko lonse niwapatsa magetsi, labotale ndi chakudya katatu patsiku, nunyazitsa mphunzitsi amene adalandira otsala, oyenda mtunda wautali m'mame ndi m'chisanu, nakwanitsa kukhozetsa theka la iwo. Mndandanda wotere umayesa mbewu imene idalowa, osati dzanja limene lidalima. Ndipo popeza ana ambiri a pa Bembeke amadzera m'sukulu zoyenderazi, mpikisano wa malo ku yunivesite ya boma, kumene fizi njocheperako, amaulowa ali kale m'mbuyo, motero wosauka ndiye amakankhidwira ku koleji yodula.

Koleji ya St. Joseph simudzaipeza pa mndandanda uliwonse wa mayunivesite, pakuti siyunivesite. Koma ndikaganiza za atsikana amene adutsa pazipata zake mibadwomibadwo, nabalalikira m'sukulu za m'midzi ya dziko lino, aliyense nkuphunzitsa kuwerenga ana mazanamazana m'moyo wake wa ntchito, sindidziwa malo ena m'boma lino kumene tambala idabala zipatso zochuluka chotere. Pamene pulayimale yaulere idakakamiza boma kulemba aphunzitsi osaphunzitsidwa pafupifupi 20,000, makoleji onga ameneyu ndiwo adasenza ntchito yowasula ali kale m'kalasi. Komabe ngakhale pano mlandu uja wa makolo akale wabweranso, pakuti m'zaka zapitazi magulu athunthu a aphunzitsi omaliza maphunziro a uphunzitsi a IPTE akhala pakhomo zaka, kuyembekeza kuti boma liwalembe ntchito, pamene makalasi a Sitandade 1 akusefukira ndi ana oposa 100 kwa mphunzitsi mmodzi. Mtsikana amene adaphunzitsidwa bwino, nakhoza bwino, amabwerera kudimba kukathirira tomato ndi satifiketi ili m'sutikesi, ndipo mng'ono wake akamuona amafunsa mumtima ngati kulimbikira sukulu nkwanzeru.

Mndandanda umene makolo a pa Bembeke akuusowa ngwina, ndipo sufuna akatswiri a kutsidya kwa nyanja kuti aulembe. Bungwe la NCHE, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti lizilembetsa ndi kuvomereza sukulu za ukachenjede, limatulutsa kale maina a makoleji ndi maphunziro ovomerezeka, ndipo kholo lililonse liyenera kuwaona lisanagulitse mbuzi, pakuti safunsa adadya phula. Chotsala nchakuti sukulu iliyonse, ya boma ndi ya eni ake, iuzidwe kunena poyera, phunziro ndi phunziro, kuti mwa ana amene adalowa adamaliza ndi angati, adatha zaka zingati, adawononga zingati pamodzi ndi lendi ndi chakudya, ndipo patapita zaka ziwiri ndi angati amene ali pantchito kapena akudzidalira ndi luso limene adaphunzira. Zimenezi zilembedwe m'Chichewa, zimatidwe pabolodi la CDSS iliyonse ndi pakhomo la tchalitchi m'mwezi umene ana omaliza Fomu 4 amadzaza mafomu osankhira maphunziro, ndipo ziwerengedwenso pawailesi madzulo, anthu atabwerako kudimba.